Musamatsegule mafayilo limodzilimodzi, funsani grep

Sabata yatha mnyamata wina amene ali pa attachment ku ofesi kwathu kuno ku Mzuzu anatha m'mawa onse akutsegula mafayilo limodzilimodzi kusaka pamene pakuchokera uthenga woti "Payment failed" mu system ya kasitomala, system yoti anailemba munthu wina kalekale ndipo mafayilo ake ndi ankhaninkhani. Zinandikhudza kwambiri chifukwa ntchito imeneyi ndi ya masekondi chabe koma palibe anamuonetsapo.

Kwa amene simuli mu fildi imeneyi, code ya pulogalamu ndi malemba basi, mizere ya mawu yosungidwa m'mafayilo, nde chilichonse chotha kusaka mawu chitha kusakanso mu code. Ndinamutsegulira terminal, kawindo kakuda kaja kamene ambiri amakaopa, ndikulemba command ya grep, kapulogalamu kosaka mawu m'mafayilo:

grep -rn "Payment failed" .

Ka -r ndiye kuti lowa m'mafoda onse mpaka mkatikati, -n ndiye kuti undiuzenso nambala ya mzere, ndipo kadontho kakumapetoko kakutanthauza kuti yambira pompano pamene ndili. Mukaonjezera -i siisankhanso zilembo zazikulu kapena zazing'ono. Pompo inatulutsa dzina la fayilo ndi mzere wake.

Grep si yatsopano ayi, anailemba Ken Thompson ku Bell Labs cha m'ma 1973 pa Unix, dzinalo linachokera ku command ya g/re/p ya mu editor yakale yotchedwa ed. Mpaka lero ilipo pa Linux ndi pa Mac, a Windows mumaipeza mukaika Git Bash kapena WSL, mapulogalamu obweretsa ma command ngati a Linux pa Windows. Kulinso ripgrep ya Andrew Gallant yomwe inatuluka 2016, mumangolemba rg, ndi yachangu heve ndipo imadumpha yokha mafayilo amene mwawalemba mu .gitignore, fayilo yolembamo mafayilo oti asalabadiridwe.

Mukaupeza mzere musathamangire kusintha. Ine ndimayamba ndawerenga kaye ndi less, imatsegula fayilo mongowerenga moti simungaononge kanthu mwangozi, mumasaka ndi / ndikutuluka ndi q. wc -l imakuuzani kuti fayilo ili ndi mizere ingati. Koma yomwe ndimaikonda zedi ndi git blame, ngati code ili mu Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zonse zosinthidwa mu code, imaonetsa amene anasintha mzere uliwonse komaliza ndi tsiku lake, nde mumadziwa woti mukamufunse kuti achimwene apa mumafuna kutani, chifukwa mizere ina imaoneka ngati yopanda ntchito chonsecho ikutchinga vuto lina lake lomwe inu simunakumane nalo.

Kwathu kuno zida zimenezi ndi zofunika kwambiri, ana asukulu ambiri ku Luwinga ndi ku Katoto ali ndi malaputopu ogula kwa munthu a RAM ya 4GB, kutsegula editor yaikulu fani imalira batire nkutha msanga, pomwe grep siilemetsa kompyuta olo pang'ono. Komanso server ikakhala kutali mumalowa ndi SSH, njira yolowera mu kompyuta ina kudzera pa terminal, uko kulibe mouse, ndi malemba okhaokha ndipo bandulo siitha msanga.

Chimodzi choti musamale, grep imasaka zilembo ndendende mmene mwalembera, siidziwa tanthauzo. Nthawi zina uthenga umakhala wolumikiza zidutswa, "Payment" ali pena "failed" ali pena, nde ikabwera chimanjamanja musati mulibe, fupikitsani mawuwo musake "failed" yekha ndi -i kenako muziwerenga zotulukazo mzere ndi mzere.