Ka -itis kamene adokotala amakulemberani m'kabuku

Mayi wina anandipeza m'chipinda choonera odwala atagwira kabuku kawo ka kuchipatala, chala chili pa mzere umene mnzanga analemba dzulo lake. "Adokotala, andilembera chizungu chachitali apa. Ndiye kuti zafika poipa eti?" Mawuwo anali gastritis. Ndinati, "Mayi, inu munawauza anzangawa kuti m'mimba mukutentha, iwo angolemba zomwezo m'Chigiriki." Anaseka, koma sikuti ndinawanamiza.

Mawu a Chingerezi othera ndi -itis ndi ambirimbiri, ndipo onse amaduka pawiri. Chakumapetocho chimanena kuti penapake m'thupi patupa, pafiira, pakutentha ndiponso pakupweteka, zizindikiro zinayi zimene Mroma wina dzina lake Celsus analemba zaka pafupifupi 2,000 zapitazo. Chakutsogolo chimanena malo ake. Gaster m'Chigiriki ndi mimba. Hepar ndi chiwindi, n'chifukwa chake hepatitis ndi kutupa kwa chiwindi. Nephros ndi impso, derma ndi khungu, mastos ndi bere, ndiye mayi woyamwitsa amene bere lamuuma gwa n'kumamutenthetsa thupi timamulembera mastitis. Rhinitis ndi ya m'mphuno, ndipo rhin ameneyu ndi yemwe uja ali m'dzina la chipembere, rhinoceros: Agiriki anangochitcha chanyanga pamphuno.

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti kwa eni chinenerocho -itis sankatanthauza kutupa n'komwe. Kanali kamawu kolumikiza, ngati ka "ya" kapena "cha" kathu. Nthenda ankaitcha nosos, mfundo ya mafupa arthron, choncho arthritis nosos kunali kunena kuti nthenda ya m'mfundo. Popita nthawi, nosos anangogwera panjira, n'kutsala arthritis yekha. Ife timachita zomwezi tsiku ndi tsiku osazindikira. Ndani amati chinthu chakudya, kapena munthu wapolisi? Timangoti chakudya, wapolisi, zovala, dzina lenilenilo litagwa koma aliyense akumva. Mawu ngati arthritis ndi nephritis anali kale m'mabuku otchedwa ndi dzina la Hippocrates, dokotala wakale wa Chigiriki, Yesu asanabadwe. Zoti -itis ndi kutupa zinadzakhazikika pakati pa madokotala a ku Ulaya m'zaka za m'ma 1700 ndi 1800, ndipo kamawuka katangozolowereka anayamba kukamata paliponse. Mu 1886 Reginald Fitz wa ku Boston anakamata pa appendix, dzina la Chilatini la kachiwalo kakang'ono ka m'matumbo, n'kutulukapo appendicitis. Tonsillitis ndi conjunctivitis nawonso ndi ana a ukwati wosakanizika womwewu, mutu wa Chilatini, mchira wa Chigiriki.

Koma vuto limene ndimakumana nalo pantchito si la galamala. Dzina lothera ndi -itis limakuuzani pamene pali moto, silikuuzani amene wauyatsa. Tengani hepatitis. Pali mavairasi asanu, A, B, C, D ndi E. A ndi E amalowa m'thupi kudzera m'madzi ndi chakudya choipitsidwa ndi chimbudzi. B ndi C amayenda m'magazi, ndipo B ndi amene kawirikawiri mayi amapatsira mwana pobereka kapena anthu amapatsirana pogonana. Katemera wa B ali m'gulu la akatemera amene ana amalandira kusikelo. Komanso chiwindi chimatupa ndi kachasu, kapena ndi mankhwala ena, popanda kachilombo kalikonse. Anthu atatu angagone pamabedi oyandikana, onse maso achikasu, onse atalembedwa hepatitis, koma chithandizo chawo chosiyana.

Meningitis, matenda oumitsa khosi aja, ndi kutupa kwa timinofu topyapyala tokuta ubongo. Akayamba ndi mabakiteriya amatha kupha munthu pa tsiku limodzi. Akayamba ndi mavairasi nthawi zambiri amakhala ochepa mphamvu. Kwa munthu amene chitetezo chake chatsika kwambiri ndi HIV, kawirikawiri woyambitsa amakhala kafangasi kotchedwa Cryptococcus, kamene sikamva maantibayotiki wamba. N'chifukwa chake timapempha kutenga madzi a pamsana, chinthu chimene achibale ambiri amachikana poopa kuti wodwala afa nacho. Popanda madziwo timangokhala ndi dzina la malo, mdani osamudziwa.

Ena amaganiza kuti -itis aliyense amafuna makapisozi. Matenda a maso ofiira atabuka ku Karonga mu 2024 n'kufalikira m'maboma ena, anali conjunctivitis ya mavairasi, imene imatha yokha, ndipo imapewedwa posamba m'manja ndi kusabwerekana mataulo. Amoxicillin wogula pagolosale sakanathandiza kanthu. Arthritis nayenso, nyamakazi ya agogo m'mawondo, nthawi zambiri imabwera chifukwa chichereŵechereŵe cha m'mfundo chaperepeseka ndi ukalamba ndi ntchito, osati chifukwa cha kachilombo.

Makutu amanamanso. Diabetes tikamaitchula pakamwa imamveka ngati ya m'banja lomweli, koma yang'anani kalembedwe kake: imathera ndi -etes. Imachokera ku mawu a Chigiriki onena za kudutsa, popeza wodwala shuga madzi amangomudutsa, kumwa n'kukodza, kumwa n'kukodza. Pomwe chibayo, chimene ndi kutupa kwenikweni kwa mapapo, chinakhala ndi dzina lakuti pneumonia, lopanda -itis.

Mayi aja nditawafunsa bwino, zinapezeka kuti msana unkawavuta, ndiye kwa milungu itatu ankamwa bufeni m'mawa uliwonse asanadye kanthu, n'kupita kumunda. Gastritis ina imayamba ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, kamene Barry Marshall wa ku Australia anachita kukamwa dala mu 1984 kuti anzake akhulupirire, ndipo imeneyo ndiye imafuna maantibayotiki. Yawoyi inali ya mapiritsi. Tinasiyitsa bufeni, tinawapatsa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'mimba, n'kuyamba kufufuza za msanawo, umene sunalembedwe n'komwe m'kabuku muja.