Mlandu wa chicha ku Bogotá unagamulidwa mu 1948, koma sunathe

Mu 2021 Nyumba ya Malamulo ya dziko la Colombia inavomereza viche, mowa umene anthu akuda a m'mbali mwa nyanja ya Pacific amatcheza kuchokera ku nzimbe, kuti ndi chuma cha makolo choyenera kutetezedwa. Chiyambire pamenepo funso lakale labukanso ku Bogotá, likulu la dzikolo: nanga chicha? Mowa wachimangawu ndi wakale kuposa mzindawo. Umagulitsidwa poyera apolisi akuona, komabe ofulula ndi atolankhani akumeneko amanena kuti lamulo limene linautsekera kunja mu 1948 silinafafanizidwe, linangogona tulo.

Bogotá ali pamtunda wa mamita 2,600, m'tsinde mwa phiri la Monserrate, ndipo dzuwa likangolowa chisanu chimalowa m'mafupa. A ndalama zawo amathawira kumpoto, m'mabala a ku Zona Rosa ndi Chapinero. Ophunzira ndi alendo amathithikana mu Calle del Embudo, kanjira kamiyala kopapatiza kotulukira pa bwalo la Chorro de Quevedo m'dera lakale la La Candelaria. Kumeneko chicha chimabwera m'chipanda kapena m'botolo, cholemera, chowawasa pang'ono, chokhutitsa ngati masese. Amaphika chimanga, kuchipera, kuthiramo manyuchi a nzimbe, n'kuchisiya m'mbiya kuti chiwire kwa masiku angapo.

Eni nthaka, Amuisca, ankamwa chicha pamiyambo yawo Asipanya asanafike. Atsamunda anachiletsapo kangapo osaphula kanthu, ndipo Simón Bolívar, amene anatsogolera nkhondo yomasula dzikolo kwa Asipanya, naye anachiletsa m'tauni ya Sogamoso mu 1820 asilikali ake atafa atamwa chicha chimene ankachiganizira kuti chinathiridwa chiphe. Zonsezo zinapita ndi mphepo. Anthu anapitiriza kumwa.

Zinthu zinayamba kusintha mu 1889. Chaka chimenecho Leo Kopp, wochokera ku Germany, anayambitsa kampani yofulula mowa ya Bavaria, ndipo m'chaka chomwecho dokotala Liborio Zerda anasindikiza kafukufuku wonena kuti m'chicha muli chiphe china posawerengera ukali wa mowawo. Madokotala anatcha matendawo chichismo, ndipo ankati amafooketsa thupi ndi nzeru za anthu osauka. Olemba mbiri a masiku ano aona kuti zizindikiro zambiri zimene madokotalawo ankalemba zikufanana ndi za pellagra, matenda obwera munthu akamadalira chimanga chokha popanda ndiwo zokwanira. Ngati zili choncho, ndiye kuti chimene chinkadwalitsa anthuwo chinali umphawi, mowa n'kungosenza mlandu.

Tisabise, malo omwerako chicha, otchedwa chichería, ambiri anali auve. Munali mdima, mopanda zimbudzi, madzi ake okayikitsa, ndipo ndewu za mipeni zinkachitikadi. Komanso ndi momwemo mmene womanga nyumba kapena wonyamula katundu ankadyera chakudya chamasana, mmene munthu wongofika kumene kuchokera kumudzi ankapezera pogona ndi womuuza kokafuna ntchito. Ambiri mwa malowa ankayendetsedwa ndi amayi. Boma nalo silinali loyera m'manja, chifukwa kwa zaka zambiri linkatolera msonkho wochuluka pa chicha chomwecho chimene linkachinyoza.

Kenako linafika tsiku la 9 Epulo 1948. Cha m'ma 1 koloko masana, Jorge Eliécer Gaitán, mtsogoleri wa chipani cha Liberal amene osauka ankamuona ngati pulezidenti wawo wamawa, anawomberedwa akutuluka mu ofesi yake pa msewu wa Carrera Séptima. Khamu linagwira mnyamata wina, Juan Roa Sierra, kumumenya mpaka kufa, n'kukwekwereza mtembo wake kulowera kunyumba ya pulezidenti. Mpaka lero palibe amene anatsimikiza ngati Roa anachita yekha kapena anatumidwa. Pofika madzulo pakati pa mzinda panali pakuyaka, matiramu (sitima zazing'ono zoyenda m'misewu) atagubuduzidwa n'kutenthedwa, masitolo ataphwanyidwa. Chiwerengero cha akufa sichinagwirizanepo: ena amati mazana angapo, ena amati anafika 3,000. Zonsezi zinkachitika nthumwi za mayiko a ku America zili mumzinda momwemo pamsonkhano waukulu, ndipo boma la pulezidenti Mariano Ospina Pérez linachita manyazi pamaso pa alendo.

Boma linaloza chala achikomyunizimu. Koma panalinso funso lina lovuta kwa anthu apamwamba a mu Bogotá: zatheka bwanji kuti antchito awo omwe atenthe mzinda? Yankho losavuta linali loti analedzera, ndipo mowa wa anthu oterowo unali wodziwika kale. N'zoona kuti ambiri m'khamulo analedzera. Koma mboni za tsikulo zimasimba za anthu ophwanya masitolo a mowa wodula n'kumapapira whisky ndi champagne, zimene anali asanazilawepo. Chicha sichinyamulika pothamanga mumsewu.

Apa ndi pamene Jorge Bejarano anapezera mpata. Iye anali dokotala, nduna yoyamba ya unduna wa zaukhondo, ndipo anali atalimbana ndi chicha kwa zaka zambiri. M'miyezi yochepa chabe, dziko likadali pansi pa malamulo a nthawi ya chipolowe, anachita zimene mafumu a ku Spain ndi Bolívar analephera. Lamulo nambala 34 la 1948 silinanene kuti chicha n'choletsedwa. Linangoti mowa uliwonse wowiritsa uzipangidwa motsatira njira za m'fakitale, uziphedwa tizilombo, ndipo uzigulitsidwa m'mabotolo agalasi otsekedwa. Mayi wa mbiya ziwiri kuseri kwa nyumba akanazitenga kuti zimenezo? Pa 1 Januwale 1949 lamulo linayamba kugwira ntchito, ndipo malo omwera chicha anatsekedwa. M'makoma munamatidwa zithunzi: china chojambula bulu, chonena kuti chicha chimapusitsa; china cha mpeni, chonena kuti chicha chimabala upandu; china choti ndende zadzaza ndi anthu omwa chicha.

Mu 1950 Bejarano analemba buku lotchedwa La derrota de un vicio, lofotokoza mmene anagonjetsera chicha. Ndi gwero lofunika, koma ndi mawu a wopambana. Amayi ofulula sanasiye mabuku, ndipo timawamva kudzera m'malipoti a apolisi ndi m'zokumbukira za ana ndi zidzukulu zawo. Olemba mbiri Óscar Calvo ndi Marta Saade, amene anafukula nkhaniyi mu 2002, amaonetsa kuti ukhondo, kunyoza anthu a magazi a eni nthaka ndi malonda zinalukana pamodzi. M'misewu ya Bogotá mudzamva zoti Bavaria ndiyo inagula lamulolo. Mawu amenewo amapitirira umboni umene ulipo. Chodziwika n'choti kampaniyo inali itayesetsa kwa nthawi yaitali kukopa omwa chicha, mpaka kutulutsa mowa wotchipa wa La Pola mu 1911, ndiponso kuti lamulo litadutsa msika unatsala m'manja mwa ofulula a m'mafakitale. Bejarano ayenera kuti ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa anthu. Ngakhale Gaitán amene, ali meya mu 1936, anali wolimbikira zaukhondo kwambiri moti analimbana ndi zovala za anthu wamba, ndipo anachotsedwa paudindo madalaivala atanyanyala ntchito pokana yunifomu. Sikuti chicha chinali ndi mtetezi pakati pa akuluakulu.

Chicha chinapulumukira ku La Perseverancia, dera la m'mbali mwa phiri limene linamangidwa ndi antchito a fakitale ya Bavaria yomweyo, Kopp atawathandiza kugula mapuloti, ndipo linadzakhala chimake cha otsatira Gaitán. Amayi akumeneko anapitiriza kufulula mobisa, kugulitsa kwa odziwana nawo, kubisa mbiya apolisi akamabwera. Mu 1988 achinyamata a m'deralo anatulutsa mbiyazo pabwalo poyambitsa chikondwerero cha chicha, ndipo mu 2004 khonsolo ya mzinda inachivomereza kuti ndi mwambo wofunika kwa Bogotá. Choncho mzinda umalemekeza chikondwerero, alendo amabwera ndi makamera, koma mayi wofuna kugulitsa chicha chake m'sitolo kapena kuchitumiza kumzinda wina amayenera kupeza chiphaso cha Invima, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala, pa miyezo imene inalembedwera mafakitale.