Suweji ikasefukira, musadikire kuti wina akanene

Mvula yayamba, ndipo m'malokeshoni ambiri madzi akuda onunkha akuyenderera m'misewu. Kolera amafala kudzera m'madzi ndi zakudya zomwe zakhudzana ndi chimbudzi cha munthu wodwala. Izi ambiri mukuzidziwa. Chomwe chikutidetsa nkhawa ife a zaumoyo ndi mawu aja akuti, "Ndi za boma izi, wina wakanena kale." Sabata imatha zonyansa zikubulika, ana akudumpha pomwepo popita kusukulu, amayi akuyala tomato chapafupi, koma palibe amene wapita kukanena.

Paipi ya chimbudzi, thanki yosungira zonyansa ndi ngalande za mkati mwa puloti ndi udindo wa mwini nyumba. Alendi, auzeni alandilodi lero lomwe, osati pakutha pa mwezi popereka lendi. Dzenje la suweji la pamsewu likasefukira kapena likasowa chivundikiro, kaneneni ku khonsolo kapena kwa akhansala. Ngati pafupi pakudutsa paipi ya madzi akumwa, dziwitsaninso a Water Board. Simukudziwa kuti ndi za ndani? Auzeni onsewo. Ndi bwino anthu khumi anene chinthu chimodzi kusiyana n'kuti onse akhale chete.

Madzi akasiya kutuluka pampopi, paipi ya madzi akumwa yong'ambika imayamwa zonyansa zoizungulira, ndipo akabweranso zonsezo zimathera mu ndowa yanu. Mu 2017 anthu a ku Area 18 ku Lilongwe anatunga madzi osakanikirana ndi suweji pa mipopi ya m'nyumba zawo. Mliri wa kolera womwe unayamba mu 2022 unapha anthu opitirira 1,700 m'dziko muno. Chonde, musadikire.

Inu amene mumazula zivundikiro zachitsulo n'kukagulitsa, ganizirani mwana woyenda mumdima madzi atabisa dzenjelo. Matewera, mapepala apulasitiki ndi zinyalala musataye m'ngalande kapena m'chimbudzi chogejemula; n'zimene zimatseka mapaipi.

Podikira okonza, tchingani malowo ndipo ana asasewerepo. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini. Wina akayamba kutsekula m'mimba madzi okhaokha onga otsukira mpunga, m'patseni Thanzi ORS n'kuthamangira naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku. Kolera amatha kupha m'maola ochepa.