Chovuta si kudula tsamba, koma kuligwira

Chimanga chouma ndi chopirira. Makina amachithyola, kuchisenda, kuchitonola ndi kuchimenyetsa m'zitsulo, koma chikafika m'thumba chimakhala chilibe banga. Yesani kuchita zomwezo ndi sipinachi, mudzatulutsa phala lobiriwira. N'chifukwa chake ife amene timakonza makina a ulimi timaopa ndiwo zamasamba kuposa mbewu ina iliyonse.

Tsamba la letesi ndi madzi okhaokha, pafupifupi 95 pa 100 aliwonse. Madziwo ali m'tizipinda ting'onoting'ono todzaza ngati mpira wopopa, ndipo ndi amene amachititsa tsamba kuima njo. Mukalifinya, tizipindato timaphulika, zamkati n'kukumana ndi mpweya, malowo n'kuda monga imachitira mbatata yosendedwa. Choipa chake n'chakuti bala silioneka pomwepo. Limadzaoneka mawa kapena mkuja, katundu ali kale pashelefu.

Pa masamba anthete, aja amagulitsidwa m'mapaketi a saladi, nkhaniyi inatheka kale. Makampani a ku Italy monga Ortomec ndi Hortech amapanga makina okhala ndi mpeni wonga lamba wopyapyala, umene umazungulira mosalekeza n'kumameta bedi lonse ngati wometa tsitsi. Mpeniwo uyenera kukhala wakuthwa kwambiri, pakuti wobuntha sudula koma kutafuna. Pali masensa, tizipangizo toyezera, amene amafufuza msinkhu wa nthaka kuti mpeni usalowe m'dothi kapena kudula pakati pa tsamba. Masamba akadulidwa amagonera pa lamba wowakweza m'mwamba.

Apa ndi pamene amisiri ambiri ongoyamba amaphonya. Nzeru zonse amathera pa mpeni, n'kuiwala lamba. Lamba akathamanga kuposa mmene makina akuyendera, amakoka masamba ndi kuwang'amba. Akachedwa, masamba amaunjikana n'kumapsinjana okhaokha. Paliponse pamene tsamba likugwa kuchoka pa lamba wina kupita pa mnzake, kapena kulowa m'kreti, pamakhala bala. Ine ndikaonetsedwa pulani ya makina otere, ndimayamba ndawerenga kuti tsamba ligwa kangati ndiponso kuchokera patali bwanji. Za injini timakamba pambuyo.

Ku California, m'chigwa cha Salinas chimene chimalima letesi wambiri wodyedwa m'dziko la America, kampani ya Taylor Farms imakolola letesi wa mtundu wa romaine ndi makina odula ndi madzi. Madzi amatuluka pa kabowo kakang'ono mwamphamvu zedi mpaka kudula tsinde. Ubwino wake ndi wakuti palibe mpeni wobuntha, komanso palibe chitsulo chonyamula dothi ndi tizilombo kuchoka pa mutu wina kupita pa wina. Kwa ndiwo zodyedwa zosaphika, zimenezi si zamasewera. Mu 2006 anthu anadwala ndipo ena anamwalira ku America atadya sipinachi wokhala ndi tizilombo toyambitsa matenda totchedwa E. coli.

Koma letesi wa iceberg, wobulungira ngati kabichi uja, wakanika mpaka lero. Wambiri amadulidwabe ndi manja. Mitu yake sikhwima tsiku limodzi, imakhala pansi penipeni, ndipo tsinde limabisika ndi masamba akunja. Wantchito wozolowera amagwira mutu, kuumva ngati walimba, kuudula, kusadza masamba oipa, zonsezi osaganizira n'komwe. Mu 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Cambridge anaonetsa loboti (makina ogwira ntchito okha) yotchedwa Vegebot, imene anaiyesa m'minda ya kampani yolima ndiwo ya G's Growers ku England. Inali ndi kamera ina yoyang'ana kuchokera pamwamba kuti izindikire mutu wokhwima, ina pafupi ndi mpeni, ndi dzanja lofewa logwira mosafinya. Inkadula ndithu, koma mutu umodzi unkaitengera masekondi opitirira 30, pamene munthu amakhala atadula ingapo.

Pali phunziro lina limene linachokera ku tomato. Ku yunivesite ya California ku Davis, injiniya Coby Lorenzen ankapanga makina okololera, pamene Jack Hanna ankabereketsa tomato wa khungu lolimba, wopsa nthawi imodzi. Makinawo anafala m'zaka za m'ma 1960, makamaka pulogalamu ya Bracero yobweretsa antchito kuchokera ku Mexico itatha mu 1964. Sanangopanga makina oyenera mbewu ayi, anasinthanso mbewu kuti iyenere makina. Ndi masamba zilinso chimodzimodzi: pamafunika mtundu woima chilili, wofesedwa mothithikana, pa bedi losalazidwa bwino lopanda zibuma ndi miyala.

Tsono wina afunsa za repu, mpiru ndi chainizi za m'madimba mwathu. Kathyoledwe kathu n'kosiyana. Mayi amasankha masamba akunja okula, n'kusiya mtima kuti uphukenso, ndipo bedi limodzi limamupatsa ndiwo kwa milungu yambiri. Makina ometa aja angathe bedi lonse tsiku limodzi, msika n'kudzaza, mtengo n'kugwa. Kunena zoona, kwa mlimi wa dimba laling'ono sindiona kuti vuto lake lalikulu ndi kuthyola. Ndiwo zambiri zimaonongekera m'thumba lothinidwa pa kaliyala wa njinga, dzuwa lili pamutu. Tsamba likadulidwa limapitiriza kupuma ndi kutaya madzi, ndipo kutentha kumafulumizitsa zonsezi. Alimi akuluakulu amalowetsa letesi m'chipinda chochotsa mpweya, mmene amazizira msanga kufika pafupi ndi madigiri 0. Wa dimba alibe chipinda chotero, koma angathe kuthyola m'mamawa, kuika pamthunzi nthawi yomweyo, kuwaza madzi oyera, ndi kunyamulira m'makreti osadzaza mpaka pakamwa, kuti kreti ya pamwamba itsamire pa inzake osati pa masamba.