Khonsolo inapatsidwa ntchito, chikwama chinatsala ku Capital Hill

Dandaulo lomwe limamveka kwambiri, kaya pa wailesi kaya m'magulu a WhatsApp, ndi lija loti "a phungu athu atitaya, mlatho unakokoloka dzinja latha mpaka pano ziii." Kukwiyako nkomveka ndithu, koma nthawi zambiri mkwiyowo umapita pakhomo lolakwika. Ntchito ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko komanso kulondola mmene boma likudyera ndalama. Kamlatho ka pamudzi, msika, chimbudzi cha pa depoti, zinyalala, mjigo, buloko ya sukulu ya pulayimale, zonsezi mwini wake ndi khonsolo. Ine ntchito yanga yakhala ya mapulani a chitukuko m'makhonsolo momwemu, nde ndifotokozeko mmene zimayendera mkatimo komanso chifukwa chake zimachedwa chonchi.

Kusokonekeraku sikunachokere kumwamba ayi, kuli ndi mbiri yake. Mu 1998 dziko lathu linakhazikitsa ndondomeko ija timaitchula kuti mphamvu ku anthu, pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Makhansala oyamba pansi pa lamuloli tinawasankha mu November 2000, nthawi yawo inatha mu 2005, kenako basi, chisankho china chinangokhala chikusunthidwa mpaka May 2014. Zaka 9 zathunthu dziko lopanda khansala ngakhale mmodzi. Ndipo ndi mkati mwa zaka zomwezo, mu 2006, mmene thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, la CDF, linayambira. Ndiye taganizani, mwana amene anayamba kuzindikira zinthu nthawi imeneyo anakula akuona kuti munthu yekhayo wosankhidwa amene amabwera ndi malata ndi simenti ndi phungu, nanga lero mukamuuza kuti chitukuko cha kudera ndi nkhani ya khansala akumvetsani bwanji?

Makhonsolo tili nawo a mitundu ingapo. A maboma alipo 28, a mizinda ikuluikulu anayi (Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba), kenako a matawuni monga Kasungu, Luchenza ndi Mangochi. Khonsolo iliyonse ili ndi mbali ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Mbali ina ndi ya osankhidwa, makhansala, amene amasankhana okhaokha wapampando kapena meya mumzinda, ndipo mafumu akuluakulu amakhala nawo pa zokambirana koma savota. Mbali inayo ndi ya ogwira ntchito, motsogozedwa ndi a DC, kapena CEO kumizinda, pamodzi ndi akuluakulu a zachuma, zamapulani, zomangamanga, zaumoyo, zamaphunziro ndi zaulimi. Papepala makhansala ndi amene amagamula, ogwira ntchito amangochita zomwe zagamulidwa. Koma mu 2010 lamulo linasinthidwa, mphamvu yosankha DC inapita kwa nduna. Apa mpamene pali fupa. Munthu amaopa amene wamulemba ntchito komanso amene angamusamutse mawa kuchoka ku Dedza kupita ku Chitipa, osati khansala amene akungofunsa mafunso pa fulu khanso, msonkhano wa khonsolo yonse. Sindikunena kuti ma DC ndi anthu oipa, ambiri ndi akatswiri olimbikira ntchito, koma dongosololi linawaika maso kuyang'ana ku Lilongwe.

Tsopano ndalama, poti nkhani yonse yagona pamenepa. Mukamva kuti bajeti ya khonsolo yakuti ndi mabiliyoni angapo musafulumire kudabwa kuti nanga zikupita kuti, chigawo chachikulu kwambiri ndi malipiro a aphunzitsi, anamwino, alangizi ndi ena, ndalama zomwe zimangodutsa m'mabuku. Chigawo china ndi ndalama zoyendetsera ntchito zomwe boma limatumiza kudzera ku National Local Government Finance Committee, koma izi zimabwera zitamangidwa kale mfundo: ya zaumoyo ndi ya zaumoyo, ya maphunziro ndi ya maphunziro, khonsolo siyingatenge ya choko nkukagulira dizilo wa galimoto ya zinyalala ngakhale zinyalalazo zitafika m'khosi. Komanso zimachedwa, mwezi wina zimabwera zoperewera, mwezi wina osabwera nkomwe, nde ambulansi imaima, a zaumoyo sangapite kukathira mankhwala m'zitsime, ngongole kwa ogulitsa mafuta nkumangokwera. Yachitukuko chenicheni yomwe khonsolo ingasankhe yokha kuti timange chakuti pakuti, monga thumba la chitukuko cha m'maboma la DDF, kwa zaka zambiri yakhala kachigawo kakang'ono zedi.

Chomvetsa chisoni nchoti ndondomeko ya 1998 ija inalonjeza kuti 5 peresenti ya ndalama zomwe boma limatolera izipita ku makhonsolo pa ntchito za chitukuko, inatchulanso misonkho ina, monga ya mafuta ndi yolembetsera galimoto, kuti boma lizigawako. Lonjezoli lakhala likungoimbidwa nyimbo m'misonkhano, bungwe la makhonsolo la MALGA limalikumbutsa chaka ndi chaka. Ndiye zili ngati mwatuma mwana kuchigayo ndi thumba la chimanga koma ndalama yogayitsira mwatsala nayo m'thumba mwanu, madzulo nkumamukalipira kuti ufa uli kuti.

Nanga zomwe khonsolo imatolera yokha? Kumizinda kuli mareti, msonkho wa nyumba ndi malo, amenewa ndiye msana wa bajeti, ngakhale anthu ambiri komanso maofesi ena aboma omwe salipira pa nthawi yake. Kumaboma mareti kulibe kwenikweni, amadalira ziphaso za mumsika, malaisensi a magolosale ndi mabala, za pa depoti, basi. Ndipo apa mpamene pamakhala kuzungulirazungulira kosatha. Mavenda amati sitilipira chiphaso chifukwa mumsika mulibe chimbudzi, madzi anadula kalekale, zinyalala sizichotsedwa. Khonsolo imati tichotsa bwanji zinyalala inu simukulipira. Onse akunena zoona pang'ono. Koma chachitatu chomwe sichinenedwa mokweza nchoti ndalama yotoleredwa ija siyonse imafika ku akaunti, pali timabuku ta malisiti tachinyengo, pali kudula chiphaso chimodzi kwa anthu awiri, pali "ingondipatsani theka musatenge lisiti". Kwa ine khonsolo iliyonse yofuna kuti anthu aziikhulupirira iyambe ndi chinthu chimodzi chosavuta, kumata pa geti la msika kuti mwezi uno tatolera zakuti ndipo zakuti zabwerera mumsika muno kudzakonza chakuti. Kutolera pa foni kapena timakina kumathandiza kutseka mabowo, koma popanda kubweza kanthu kooneka ndi maso, anthu amangopeza njira ina yozembera.

Funso lomwe ambiri safunsa ndi loti kodi pulojekiti imalowa bwanji pa mndandanda. Njira yake ilipo ndipo inalembedwa. Imayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, komwe anthu amayenera kukhala pansi nkugwirizana kuti mavuto athu ndi awa ndipo loyamba ndi ili, zimenezi nkulembedwa mu pulani ya mudzi. Kuchoka apo zimapita ku ADC, ya dera la mfumu yaikulu, komwe amasefa zochokera m'ma VDC onse mothandizidwa ndi alangizi a boma a m'deralo. Kenako zimafika kuboma, akatswiri amaziunika nkuika mitengo, makomiti a makhansala amakambirana, fulu khanso nkuvomereza, ndiye zimalowa mu pulani ya chitukuko ya boma lonse ya zaka zisanu. Bajeti ya chaka ndi chaka imayenera kutola mu pulani imeneyi. Tanthauzo lake nloti ngati mlatho wanu uja sunalembedwe ku VDC, ku ofesi ya mapulani kulibe mlatho, ngakhale mutaimba foni pa wailesi tsiku lililonse.

Njirayi imaduka malo ambiri, ndisakunamizeni. Ma VDC ena anadzaza abale a mfumu, ena anasankhidwa kalekale nthawi yawo inatha koma palibe anaitanitsa chisankho, ena amakumana pokhapokha kukabwera bungwe lokhala ndi alawansi ndi zoziziritsa kukhosi. Amayi ndi achinyamata amalembedwa maina kuti chiwerengero chikwane koma pokamba amakamba ndi omwewo. Kenako andale amadumpha zonsezi, kubwera ndi pulojekiti yawo yoti imangidwe pomwe anapeza mavoti ambiri, zotsatira zake nzija mumaziona m'mbali mwa msewu, msika wokongola wa malata koma mulibe munthu, ogulitsa ali panja pa fumbi pomwe pamaima minibasi, chifukwa palibe anawafunsa. Kapena kachipatala komangidwa bwinobwino koma kopanda namwino, poti omangawo sanakambirane ndi a zaumoyo ngati pali munthu woti akagwire ntchito kumeneko, ngakhale nyumba yake yogona sanaiganizire.

Nkhani ya CDF ndiyo yakhala ikukoka chingwe kwambiri. Thumbali linakwera kufika K100 miliyoni pa dera mu 2022, kenako K200 miliyoni mu 2024, ndipo ngakhale ndalamazi zimadutsa mu akaunti ya khonsolo, amene ankalamula kwenikweni anali phungu. Kusintha kwa lamulo kwa 2010 kuja kunapatsanso aphungu mphamvu yovota mu khonsolo. Mu May 2025 khoti lomasulira malamulo aakulu a dziko, pa mlandu womwe anakasuma a MALGA, linagamula kuti zonse ziwirizi nzosemphana ndi malamulo, poti munthu sangakhale wogwiritsa ntchito ndalama nkukhalanso wolondola mmene zagwirira ntchito. Ine chigamulochi ndimagwirizana nacho. Koma tisanamizanepo kuti ndalama zikachoka kwa phungu kupita kwa makhansala ndi ogwira ntchito nde kuti zafika kwa angelo, malipoti a mkulu wolondola chuma cha boma akhala akupeza m'makhonsolo ndalama zotuluka popanda mapepala, mafuta osadziwika komwe anapita, ma kontirakitala olipidwa ntchito isanathe. Nchifukwa chake pulojekiti ya GESD yothandiza makhonsolo, ija ya madola 100 miliyoni ochokera ku World Bank, inabwera ndi kachitidwe koti khonsolo iziyesedwa chaka chilichonse, yosunga bwino mabuku ilandire, yolephera imanidwe. Zinawawa kwa omanidwawo, poti ovutika ndi anthu wamba osalakwa, koma kwa nthawi yoyamba tinaona makhansala akufunsa a zachuma kuti bwanji anzathu a boma loyandikana alandira ife ayi.

Chomwe chimandipweteka mutu kuposa zonse ndi kukonza zinthu zomwe zilipo kale. Aliyense amafuna kudula riboni, palibe amajambulitsa chithunzi akupopa chimbudzi chodzaza. Mjigo ukakumbidwa umasiyidwa m'manja mwa komiti ya pamjigo, anthu azisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi kuti labala kapena ndodo ikatha agule, mekaniki wa m'dera adzakonze. Komiti ikafa kapena msungichuma akadya ndalama, mjigo umafa ndi kachipangizo kotchipa, anthu nkubwerera kudambo, chaka chamawa wina nkudzakumba mjigo wina pafupi pomwepo ndi mamiliyoni. M'mizinda nchimodzimodzi ndi ngalande zotsekeka ndi mapepala apulasitiki. Kolera uja anayamba mu March 2022 nkupha anthu oposa 1,700 sanali nkhani ya zipatala zokha, inali nkhani ya madzi, zimbudzi ndi misika, ntchito zomwe zimaoneka zazing'ono pa bajeti. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anatikumbutsanso ntchito ina ya khonsolo yomwe andale amaiopa, youza anthu kuti pano musamange. Matope otsika m'phiri la Soche anapeza nyumba ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo zomwe zinakhala zikukwera phiri kwa zaka zambiri aliyense akuona, koma kuletsa munthu kumanga usanamupatse malo ena ndi nkhani yovuta, ndipo malo okonzedwa bwino a anthu opeza pang'ono ndi amene mizinda yathu yalephera kupereka.

Muzidziwanso kuti si zonse za mumzinda zili m'manja mwa khonsolo. Madzi a m'mipopi ndi a water board, magetsi ndi a ESCOM, misewu ikuluikulu monga M1 ndi ya Roads Authority. Meya mungamunyoze pa Facebook mpaka kutopa koma paipi yophulika sangaikonze, chomwe angachite ndi kukakamiza eni ake.

Kwa inu amene mukufuna kulondola, misonkhano ya fulu khanso ndi yotseguka kwa anthu, mukhoza kukakhala kumbuyo nkumamvera, ndipo khansala wanu akuyenera kumabwera kudzakuuzani zomwe zakambidwa. Pulojekiti ikayamba kwanuko funsani zinthu zenizeni: kontirakitala ndi ndani, mtengo wonse ndi zingati, ntchito itha liti, pa pepala la zipangizo analemba matumba angati a simenti. Komiti yoyang'anira pulojekiti isasaine kuti ntchito yatha pomwe pansi payamba kale kung'ambika, chifukwa siginecha imeneyo ndi imene imatsegula malipiro, ndipo pamakhala kandalama komwe khonsolo imasunga kwa miyezi ingapo kuti zikaonongeka kontirakitala abwerere adzakonze, ambiri sadziwa zimenezi nde kamangotuluka mwakachetechete. Akakukanizani mapepala, lamulo lopereka ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020, khonsolo iliyonse ikuyenera kukhala ndi ofisala wolandira mapempho otere, mumalemba kalata nkusunga kope yodindidwa, iwo ali ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti akuyankheni, akapanda kutero nkhani mukhoza kuitengera ku Malawi Human Rights Commission.