Mphini za agogo ndi michira ya mbewa

Agogo anga aku Chonde, ku Mulanje, anali ndi mphini pamasaya, koma ana awo onse anabadwa osalala nkhope. Ndili mwana ndinawafunsa chifukwa chake. Iwo anangoseka nati, "Iwe, lumo limafika kumbewu?"

Funso lomweli linavutitsa akatswiri ku Ulaya kwa zaka zambiri. Ambiri, potsatira Lamarck wa ku France, ankakhulupirira kuti zimene thupi lakumana nazo zimatsikira kwa ana. Mu 1870 katswiri wa ku Germany, Waldeyer, anati mazira amaphukira pakhungu la thumba la mazira lomwe, kutanthauza kuti amachokera ku thupi. Katswiri wina, Nussbaum, anatsutsa mu 1880, ataona pa achule ndi nsomba kuti maselo a mbewu, amene amadzasanduka mazira kapena umuna, amapatulidwa msanga, ziwalo zisanaumbike. Kenako August Weismann, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, tiyi asanazike mizu kuno, anadula michira ya mbewa mibadwo isanu yotsatizana. Ana 901 anabadwa, aliyense ndi mchira wake wathunthu. Ife tikanangozifutsa mbewazo, koma iye anapezapo mfundo: mbewu ili ndi mzere wake, thupi ndi chotengera chabe.

Chodabwitsa nchakuti maselo a mbewu aja sabadwira pamalo pake. Mu 1948 Emil Witschi anafotokoza ulendo wawo mwa munthu. Mimba ikakhala ya milungu itatu kapena inayi, amaoneka kunja kwa kamluza, pakhoma la kathumba kolendewera kumimba kwake. Amakwawa motsata matumbo, akuchulukana m'njira, mpaka pofika mlungu wachisanu ndi chimodzi alowa pamene padzakhale thumba la mazira kapena machende. Osochera ambiri amafa. Ochepa opulumuka amatha kusanduka chotupa chokhala ndi tsitsi ndi mano mkati, zimene pamudzi sitingachedwe kuzitcha ufiti.

Mwa nkhuku maselowa amakwera magazi ngati matola. Ntchentche ndi nsomba nazo zili ndi ulendo wawo, ndipo akatswiri amati chimenechi nchizindikiro choti njirayi ndi yakalekale, mitunduyi isanasiyane.

Mwana wamkazi amakhala ndi mazira ake onse asanabadwe, pafupifupi 7 miliyoni mimba ili ndi miyezi isanu. Ndiye kuti dzira limene linandipanga ine linagonapo m'mimba mwa agogo aja, amayi anga ali mluza. Kwathu kuchikamwini timati mwana ndi wa kuchikazi. Malume anga atamva zimenezi anangoti, "Nanga timanena chiyani ife?"