Dzuwa Silidetsa Khosi la Gitala

Oimba ena kuno ku Mangochi amakhulupirira kuti gitala yamagetsi ikakhala padzuwa, khosi ndi mutu wake zimasanduka mtundu wa uchi. Vanishi wa nitrocellulose ndiye amatero, komanso patapita zaka. Wa polyurethane, wofala pa magitala a masiku ano, sasintha kwenikweni. Kutentha kwa mu Okutobala kungopinditsa khosilo, zingwe n'kuyamba kukhula pa mafureti (tizitsulo topingasa pa khosi).

Utoto wa matabwa nawonso sulowa pamwamba pa vanishi. Ngati mukufuna mtundu wa uchiwo, masulani masikuluwu anayi a khosi, chotsani makiyi okungira zingwe, kwechani pang'ono ndi sandipepa wa 600, makamaka mosamala pamutu kuti dzina la kampani lisafufutike. Poperani vanishi wosakaniza utoto wa amber (wooneka ngati uchi) mopyapyala, kawiri kapena katatu, kudikira aume, kenako wopanda mtundu. Mukapopera wambiri nthawi imodzi amayenderera n'kusiya mizere.